Galimoto Yachikasu Imene Inanding'ambira Buluku ku Clondalkin

Buluku la suti yanga yakuda lili ndi msoko kumbuyo. Telala anausoka mwaluso moti wina sangauone, koma ine ndimadziwa pamene uli. Ndikamakhala pa benchi m'tchalitchi ndimatsika pang'onopang'ono ngati munthu wanyamula mazira m'thumba. Adzukulu anga amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi, ndi galimoto yachikasu. Lero ndaganiza zoulula ndekha, chifukwa amene anaona ndi maso awo akhala akuinena nkhaniyi mokometsera, makamaka a Mwanza, amene ku phwando lililonse amawonjezerapo kanthu.

Ndinabwera ku Dublin ndili kale ndi imvi. Mayi a kunyumba atatisiya, mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino kuno, anati sindingamakhale ndekha ku Ndirande ndikuyankhula ndi zipupa. Ndinafikira kwake ku Ongar, m'nyumba zosanjikizana zija. Nditakhala miyezi ingapo ndikungoyang'ana mvula pa windo ndi kudikira adzukulu (amene ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi, ngati uli m'khoti), ndinati ayi, manja awa akadali ndi mphamvu. Mapepala atalongosoka ndinapeza ntchito pa galaja ina yogulitsa magalimoto atsopano ku Clondalkin. Ntchito yake inali yomwe ija ndinkagwira ku Limbe ndili mnyamata: kutsuka magalimoto, kupukuta, kukolopa ndi kutaya zinyalala za mu ofesi.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kudziwa za ine, apo ayi muziti ndinali wamisala.

Choyamba, sukulu ndinayamba ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, sukulu ya kwacha, pa benchi limodzi ndi amayi ogulitsa makala. Chingerezi ndinachitolera pambuyo pake, ku makalasi a ku parishi ndi m'nyuzipepala zokulungira zitumbuwa. Ndiye munthu amene wayamba kudya nyama atakula sasiya ndi fupa lomwe. Ine chilichonse cholembedwa ndimawerenga: mabotolo a mankhwala, zikwangwani, kumbuyo kwa tikiti ya basi, lisiti la munthu amene ali patsogolo panga pa mzere. Mwini galajayo, bwana Fergal, anandipeza tsiku lina ndikuwerenga chitini cha polishi mpaka mawu ang'onoang'ono a pansi, ndipo kuyambira pamenepo ankanditchula kuti Pulofesa.

Chachiwiri n'cholemera. Ku Limbe kuja, ndisanadziwe n'kulemba dzina langa, ndinalowa m'galimoto ya kasitomala nthawi ya nkhomaliro kuti ndingomva kukoma kwa chiwongolero. Ndinailiza, inadumpha, n'kukawomba mgolo wa oyilo. Ndinatsika mwakachetechete n'kukatenga ndowa yanga. Amene anapatsidwa kiyi tsiku limenelo anali a Jailosi, makaniko, munthu wa ana anayi. Anawachotsa ntchito ine ndikuona, ndipo pakamwa panga panali pomata. Ndinadziuza kuti mkazi wanga ali ndi pakati, ndikayankhula tidya chiyani? (Mimba imeneyo ndi namwino yemweyu wandisunga ku Ongar.) Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Inakwera nane ndege popanda tikiti.

Tsono nditangozolowera ntchito ku Clondalkin, chuma cha dziko chinagwa chagada. Makireni omangira nyumba anaima m'mwamba ngati akumvetsera. Anthu amene chaka chapitacho ankagula galimoto ngati akugula buledi anasiya kubwera. Ogulitsa athu anali anayi a matayi owala, koma anapita mmodzimmodzi mpaka bwana anatsala akugulitsa okha. Lachisanu lililonse tinkayang'ana chitseko cha ofesi kuti lero aitanidwa ndani. Kumbuyo kotsukira tinatsalako awiri, ine ndi a Mwanza, ndipo tonse tinkadziwa kuti magalimoto osagulidwa safuna otsuka awiri. Wolakwitsa woyamba ndiye apita.

A Mwanza ndi a ku Zambia, kwawo ku Chipata koma anakulira ku Lusaka. Ali ndi madigiri awo, koma nthawi imeneyo digiri sinkagula mkaka, ndipo kunyumba kwawo kunali ana atatu. Iwo ndiwo anali ndi laisensi, ndiye ankasuntha magalimoto pabwalo. Ine lamulo linali lomveka: nsalu ndi ndowa, kiyi ayi. Aliyense wotenga kiyi mu ofesi ankasaina dzina lake m'buku.

Pakati pa magalimoto osagulidwa panali imodzi imene inkawawa bwana kuposa onse. Inali ya mipando iwiri yokha, yothamanga, yotsika pansi ngati mphasa, ya denga lopindika lokha, ndipo yachikasu chenicheni. Anaiitanitsa nthawi ya zokoma, n'kufika zinthu zitavuta kale. Inakhala pamenepo miyezi khumi ndi isanu yopanda ndi nambala yomwe. A Mwanza anaipatsa dzina lakuti Nthochi. Ine ndinkaisambitsa Lolemba lililonse ngati namwali amene afunsiri akumulambalala.

Tsiku lina ndikutaya zinyalala za mu ofesi, pamwamba penipeni panali pepala la dzanja la bwana. Sindinabe, abale, pepalalo ndilo linandiyang'ana. Analemba magalimoto onse a pabwalo, ndipo pambali pa iliyonse panali ndalama yomaliza imene angachotse pa mtengo ngati kasitomala walimbikira. Pa Nthochi analemba nine thousand euro, n'kudula mizere iwiri pansi pake. Ndinawerenga, ndinataya pepalalo, koma nambalayo inakhala m'mutu ngati nsikidzi mu msoko.

Tsiku la tsokalo linali Lachinayi la mu Novembala. Ku Ballymun kunali Misa ya mnzathu wina wa ku Malawi amene anamwalira, ndipo wansembe, amenenso ndi wa kwathu, anandipempha kuti ndikawerenge mawu oyamba. Mukudziwa tanthauzo lake kwa munthu wa sukulu ya kwacha? Ndinayeserera sabata yonse m'bafa. Ndinapempha hafu deyi, ndipo 12 koloko itakwana ndinavula ovolosi n'kuvala suti yanga yakuda, tayi, ndi nsapato zoti ntchentche ikatera iterereke.

Ndili pafupi kunyamuka, a Mwanza anandiponyera kiyi.

"Ba mudala, sungani key ya Nthochi. Niyenda pa shop kugula roll, nizabwela manje manje. Osachita zachibwana."

"Ine zachibwana? Ndinayamba kugwira makiyi inu musanabadwe."

"Ndiye chimene niyopa," anatero akuthamanga.

Mu ofesi munali kasitomala, woyamba sabata imeneyo. Posakhalitsa bwana anatuluka mofulumira, foni ili kukhutu, n'kukwera galimoto yawo. Kasitomala uja anatulukanso, kabuku ka zithunzi kali m'manja, n'kudzaima pafupi ndi Nthochi. Anali mayi wachizungu wamfupi, wa tsitsi loyera, wa msinkhu wanga. Anandiyang'ana suti, anayang'ana kiyi ili m'manja mwanga.

"Bambo, ndinu ogulitsa?"

Yankho loona linali lalifupi: ayi mayi, ndine wotsuka. Koma suti nthawi zina imayankha yokha. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ndimagwira ntchito pano, mayi." (Silinali bodza. Koma silinalinso chilungamo chonse, ndipo ine ndi a Jailosi tikudziwa kumene njira imeneyo imapita.)

Anayamba kundifotokozera. Anali atangopuma ntchito ya uphunzitsi, ataphunzitsa ana a pulayimale zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Amuna awo anamwalira, ndipo moyo wawo wonse ankayenda pa kavani konunkha penti. Tsopano ankafuna galimoto ngati iyi, koma yobiriwira, ya mipando imene asankha okha, yochita kuitanitsa ku fakitale kuti ifike mu Januwale. Kuno nambala ya galimoto imayamba ndi chaka chimene yalembetsedwa, ndiye anthu amakonda ya Januwale kuti aneba awerenge okha.

Nditamva kuti ndi aphunzitsi, ndinaima chilili ngati pa asembule. Ine mphunzitsi ndimamuopa kuposa wapolisi.

"Pali chimene sindikumvetsa," anatero. "Pa yobiriwira yoitanitsa, abwana anu akuti achotsa five hundred yokha ndi kundipatsa makapeti. Pa yachikasu iyi akuti achotsa three thousand. Galimoto ndi imodzimodzi. Chifukwa chiyani?"

Anzanga, ganizani. Mphunzitsi wafunsa funso, m'kalasi muli ine ndekha, ndipo yankho ndikulidziwa. Mkono wanga unatsala pang'ono kukwera wokha.

Ndinawauza kuti kwathu ukapita kwa telala kukasoketsa suti, sakutsitsira mtengo. Nsalu wasankha wekha, muyeso ndi wako, ndipo iye palibe chikumuwolera m'manja. Umalipira, n'kudikira. Ndiye galimoto yoitanitsa imeneyo: bwana sanaigule, siikumudyera malo, akungokulemberani kalata ku fakitale, atsitsirenji? Koma pitani pa msika wa Limbe dzuwa likupendeka, mukapeze mayi amene nthochi zake zayamba mawanga. Ameneyo amakuitana yekha, amatsitsa, n'kukuikira ndi basera. Galimoto ya pabwalo ndi nthochi yakupsa. Bwana anaigula kale, tsiku lililonse imene yaima pano ikukalamba, ndipo chaka chikatembenuka idzatchedwa ya dzana.

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, mmene aphunzitsi amachitira mwana akakhoza. "Mwafotokoza bwino kwambiri. Zaka zonsezi sindinamvepo wogulitsa akulongosola momveka chonchi."

Mtima wanga unasungunuka ngati majarini padzuwa. Chiyamikiro chotere ndinachimva komaliza ku sukulu ya kwacha, tsiku limene ndinalemba dzina langa popanda kuonera.

"Ndiye nthochi imeneyi ingatsike mpaka pati?"

"Nine thousand, mayi."

Inatuluka yokha. Ndinayesa kutsokomola kuti ndiikwirire, koma aphunzitsi makutu awo amamva ngakhale kunong'ona kwa ana a kumbuyo. Anatulutsa bolopeni, n'kulemba pa kabuku kaja.

Pamenepo munthu wanzeru akanati mayi, basi yanga ikundisiya. Koma iwo anapitiriza: "Vuto langa ndi mawondo. Inu ndi ine ndife a msinkhu umodzi. Talowani ndione. Mukalowa n'kutuluka bwinobwino, nanenso ndikhoza."

Mayeso! Ndikanakana bwanji mayeso?

Kulowa sikunavute, monganso kugwera m'dzenje sikuvuta. Ndinangoti khu! pansi, mawondo ali m'makutu, tayi ili pa chiwongolero. Ndinaona dziko mmene nkhuku imalionera. Mphepo inakankha chitseko n'kutseka. Mayiwo anagogoda pa galasi kufunsa ngati wailesi yake imamveka bwino, ndipo ine ndinalowetsa kiyi n'kuipotoza kamodzi. (Ndinadziuza kuti injini sindinailize, ndiye lamulo sindinaphwanye. Mtima wa munthu ndi loya woopsa.) Wailesi inaimba, iwo anakondwa, ine ndinati basi, tituluke.

Apa mpamene ndinazindikira kuti m'galimoto monsemo munalibe mawu. Mabatani anali ambirimbiri, koma onse a tizithunzi. Munthu wowerenga chilichonse, panalibe choti ndiwerenge. Chotsegulira chitseko sindinachione. Ndinaona batani lina lokhala ndi kachithunzi ka galimoto yotseguka, ndinati ili ndilo, n'kulikoka osalisiya. Mawindo anatsika. Kenako ndinamva kulira kumutu kwanga, ndipo denga lonse linanyamuka, n'kudzipinda lokha ngati mayi akupinda chitenje, n'kukalowa kumbuyo.

Aphunzitsi anawomba m'manja. Ine ndinamwetulira ngati ndachita dala.

Ndiye mvula ya ku Dublin imadziwa kudikira. M'mawa wonse inangoti zii, koma itaona mipando yachikopa ili pamtunda, inabwera ndi abale ake onse. Ndinayamba kudina chilichonse. Zopukuta galasi zinayamba kuvina. Hutala inalira. Mpando unayamba kutentha kunsi kwanga ngati ndakhalira mbaula. Ndinati mwina ndikazula kiyi zonse zibwerera m'malo mwake. Ndinaizula, manja ali onyowa, ndipo inapulumuka n'kugwera mu mpata wa pakati pa mpando ndi giya, momwe ngakhale dzanja la khanda silingalowe. Zonse zinazima, denga lili chitsegukire.

Mayiwo anatsegula chitseko kuchokera kunja, osavutika n'komwe. Koma kutuluka kunakanika. Mwendo umodzi unali panja, thupi lonse likukana. Anaika chikwama chawo pansi, anandigwira manja onse awiri, n'kuwerenga mpaka katatu ngati pa masewera a ana. Pa kachitatu ndinatuluka, n'kugwa chogwada m'madzi, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka kwaaa! Mphepo yozizira inalowa kumene siyenera kulowa.

Mayi aja anaseka mpaka kugwira khoma. Anaseka misozi, mvula ikuwamenya. Atapeza mpweya anati, "Chimwalirireni amuna anga sindinasekepo chonchi. Ndibweranso." Anathamangira ku kagalimoto kawo n'kumapita.

Ine ndinayenda chobwerera m'mbuyo, jekete nditakokera pansi, mpaka m'chipinda chathu chakumbuyo. Ndinadziuza kuti ndikukatenga lona yoti ndifunditse Nthochi. Lona ndinaitengadi. Ndinavulanso buluku long'ambikalo n'kuvala ovolosi, manja ake n'kumanga m'chiuno. Koma nditafika pa chitseko, miyendo inaima, chifukwa pa kampata ndinaona galimoto ya bwana ikulowa pa geti.

Anatsika, n'kuima pa mvula manja ali kumutu. Nthochi inali itasanduka bafa. Nthawi yomweyo a Mwanza anatulukira, roll yawo, kabuledi koika nyama m'kati, ili m'pepala, akuimba kanyimbo. Bwana sanakalipe, ndipo n'chimene chinandiopsa. Analowa mu ofesi, anatuluka ndi buku la makiyi, n'kulitsegula pamaso pawo.

"Dzina ili ndi la ndani?"

"Ni langa, boss."

"Miyezi khumi ndi isanu ndaisunga galimoto iyi. Mwanza, sindingathenso. Katengeni zinthu zanu."

 A Mwanza anatembenuka pang'ono n'kuyang'ana chitseko chimene ine ndinabisalako. Ankadziwa kuti ndilipo. Kwawo ngati kwathu, munthu wamkulu saloza chala pagulu, ndiye anangoweramitsa mutu, roll ikunyowa m'manja mwawo, n'kuyamba kuyenda.

Ndikuuzani zoona, loya uja wa mumtima anali atayamba kale ntchito. Ankati ndiwe nkhalamba, ukachotsedwa pano palibe adzakulembe. Ankati a Mwanza ndi achinyamata, ali ndi madigiri. Mawu omwewo, liwu lomwelo la ku Limbe, kungoti tsopano likuyankhula kozizira. Ndipo mmene a Mwanza ankayendera, mapewa atagwa, ndi mmene a Jailosi anatulukira pa geti ndi kabokosi kawo ka masipanala. Akuluakulu anati mlandu suwola. Wanga unangowoloka nyanja n'kudzandidikira ku Clondalkin.

Ndinakankha chitseko. Ganizani chimene anaona: kumtunda jekete ndi tayi, kumunsi ovolosi, m'manja lona.

"Bwana, ndine. A Mwanza anangondisungitsa kiyi. Ndinalowa ndine, ndinatsegula denga ndine."

Bwana anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. "Pulofesa, inu? Simudziwa n'kuyendetsa komwe."

"N'chifukwa chake yafika apa, bwana."

Anatseka buku lija. "Pukutani galimotoyo nonse awiri. Mukatha, Pulofesa, mubwere mu ofesi."

A Mwanza anakola kiyi ija ndi waya, anaipotoza, anakankha batani lomwe lija kutsogolo, ndipo denga linabwerera mwaulemu ngati palibe chachitika.

"Ba mudala, munangofunika kukankha chabe. Batani imodzi-modzi."

"Palibe analembapo."

"Zikomo," anatero motsitsa, akufinya thaulo osandiyang'ana. Kenako anawonjezera: "Koma roll yanga muzagula."

Mwaona kuti pakuulula kwanga ndinasiya kanthu kamodzi: nine thousand ija. Ndinkati ndikanena mu ofesi, pang'onopang'ono, bwana atakhala pansi. Koma ndisanalowe, kagalimoto kaja kanabweranso. Aphunzitsi anali atasintha nsapato ndipo anabwera ndi magalasi owerengera. Analowa mu ofesi, chitseko anasiya chotsegula. Ine ndinatenga mopu n'kuyamba kukolopa pafupi, pamalo pouma kale.

"Ndasintha maganizo," anatero. "Yobiriwira ija isiyeni ku fakitale. Ndikufuna yachikasu. Muchotse nine thousand."

 Bwana anafunsa mofatsa kwambiri: "Nambala imeneyo mwaitenga kuti, mayi?"

"Kwa wogulitsa wanu wa suti uja. Munthu wophunzira bwino. Wandifotokozera za nthochi."

Bwana anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kudzera pa galasi. Ine ndinakolopa mwamphamvu moti matailosi akanatha kubooka.

"Komanso mipando yanyowa, ndaona ndi maso anga," anapitiriza mayiwo. "Ndiye muwonjezere five hundred ija munkafuna kundichotsera pa yobiriwira. Ndi makapeti."

Ndinawaphunzitsa za basera ndine, ndidandaula chiyani? Bwana anayesa kulimba, koma munthu amene wakhala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu akumva ana akunama za homuweki sagwedezeka. Anangokhala, manja pa chikwama, mpaka bwana anatulutsa mapepala. Anagwirizana kuti Nthochi iume bwino, idzalembetsedwe mu Januwale. Potuluka anandigwira chanza n'kunena kuti, "Mayeso a mawondo mwalephera, bambo, koma ine ndidzaphunzira. Pepani za buluku."

Kenako inali nthawi yanga. Bwana anandiuza kuti ndikhale, ine ndinakhala m'mphepete mwa mpando.

"Pulofesa, mayi amenewa akanaitenga nditachotsa five thousand. Pakamwa panu pandidyera zoposa four thousand. Koma mukanakhala chete, akanaitanitsa yobiriwira, ine n'kupezapo tochepa mu Januwale, ndipo chinthu chachikasu icho chikanakhalabe pabwalo chikundiyang'ana. Sindikudziwa ngati ndikuchotseni kapena ndikukwezeni." Anapukuta kumaso ndi manja. "Ndiuzeni chimodzi. Dzina m'buku silinali lanu. Munatulukiranji?"

Ndinawauza za a Jailosi. Munthu woyamba padziko kumva nkhaniyi anali mzungu wotopa amene ndinali nditangomuwonongera ndalama. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anayang'ana wotchi.

"Misa yanu ija si 3 koloko? Pa basi simufika. Tiyeni."

Anandiperekeza okha mpaka ku Ballymun. Ndinawerenga mawu oyamba nditavala jekete, tayi ndi ovolosi. Mwamwayi gome lowerengera limabisa miyendo, koma popita ndi pobwera panalibe chobisa, ndipo ndinamva amayi a kwaya akutsokomola mosagwirizana ndi chimfine. Sindinaphonye liwu ngakhale limodzi.

Lolemba ndinapeza mu ofesi muli makina odula mapepala tizidutswatizidutswa. Bwana anati, "Ndagulira inu." Sanachotse aliyense wa ife chaka chimenecho. Galajayo inadzatsekedwabe patapita zaka ziwiri, koma pamenepo a Mwanza anali atapeza ntchito ya maphunziro awo, ine ndili wokonzeka kupuma.

Sabata yomweyo ya tsoka la Nthochi ndinakhala pa tebulo la kukhitchini ku Ongar n'kulembera a Jailosi kalata ndi dzanja langa, masamba atatu. Ndinaitumiza kudzera kwa mlamu wanga amene amapemphera ku Bangwe, kumene ndinamva kuti a Jailosi anakakhazikika. Sindinkadziwa ngati ali moyo. Patatha milungu isanu ndi umodzi foni inalira kamodzi n'kuduka, nambala ya kumudzi. Ndinaimba ndine.

"Ndi iwe?" linatero liwu lokalamba. "Ndamva kuti masiku ano umalemba."

"A Jailosi, ndalakwa. Galimoto ija..."

"Ndinakuona, iwe. Ndinali pansi pa lole, ndinaona mapazi ako akutsika. Unali ndi chigamba pa chidendene."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Mkazi wako anali ndi pakati. Ndinkati unena wekha mawa lake. Sindinadziwe kuti mawa lako ndi zaka makumi atatu ndi zitatu."

Anandiuza kuti anakhala zaka ziwiri opanda ntchito, ndipo mwana wawo woyamba anasiyira sukulu panjira. "Zimenezo kalata siingabweze," anatero. Ndinavomera. Mayunitsi ankatha, ine misozi ikutsikira pa kolala. Kenako anatsokomola.

"Koma akuti kumeneko kuli majekete abwino. Ku Bangwe kuno Juni amazizira. Saizi yanga sinasinthe."

Ndinatumiza awiri. Anaimbanso kudandaula kuti limodzi ndi lalikulu manja, ndipo kuyambira pamenepo timayankhulana mwezi ndi mwezi, iwo akunditukwana pang'ono, ine ndikuthokoza.

Ndikaganiza, tsiku limenelo anthu ambiri anandichitira chifundo chimene sindinachigwirire ntchito: mayi amene anaseka m'malo mokwiya, bwana amene anataya ndalama n'kundipatsanso lifiti, a Mwanza amene anali okonzeka kupita kwawo opanda ntchito kusiyana ndi kuloza nkhalamba chala. Roll yawo ndinagula, ndipo akuti ngongoleyo sinathe.

Kodi ndinaphunzirapo kanthu? M'galimoto yotsika pansi sindilowanso, zimenezo ndiye zinatheka. Koma kuwerenga za eni sindinasiye. Dzana ku chipatala adokotala anachita kutembenuza kompyuta yawo. Mwana wanga wanena kangapo kuti andigulira suti yatsopano, yochita kusoketsa, mtundu wosankha ndekha. Ndimakana. Ndimamuuza kuti yoitanitsa satsitsa mtengo, iye n'kumaseka. Chifukwa chenicheni sindimuuza: ndikakhala pansi, msoko uja umandikanda pang'ono, ndipo ndimafuna uzindikandabe.